Lipoti: jamu wa mapichesi ndi supu wa m'mabotolo pa gulu la amayi ku Angónia

Lipotili likukhudza gulu la amayi a m'mudzi wina kufupi ndi Ulónguè, m'boma la Angónia ku Mozambique, amene anayamba kupanga jamu wa mapichesi kuti azigulitsa, kenako n'kuwonjezera supu wa nyemba ndi maungu wotsekera m'mabotolo. Jamu wina anachita chuku, ndipo supu anafufumitsa zivindikiro. Palibe anadwala. Ndine mlangizi wa zaulimi ndi kasungidwe ka zokolola, ndipo ndinaitanidwa kuti ndikaone chimene chalakwika. Ndikulembera alangizi anzanga ndi magulu ena a ku Tsangano, Macanga ndi a kutsidya kwa malire ku Dedza ndi Ntcheu, chifukwa mavuto awiriwa amayi ankawaona ngati vuto limodzi, loti "mabotolo aonongeka", pomwe kulemera kwake n'kosiyana kutalitali. La jamu limaluzitsa ndalama. La supu likhoza kugoneka banja lathunthu.

Mmene zinayambira

Aliyense wokhala kuno kumapiri amadziwa mmene mapichesi amachitira mvula ikamayamba. Amapsa onse pamodzi, amadzaza mabeseni m'mphepete mwa msewu wochokera ku Mussacama kupita ku Calómuè, mtengo umagwa, otsala amaolera pansi pa mitengo. Amayi a gululi anaganiza bwino kuti chipatso chotayikachi chisanduke ndalama. Mmodzi mwa iwo anali ataphunzirako kuphika jamu ku maphunziro a amayi a kutchalitchi, ndiye anaphunzitsa anzake. Mabotolo ankatolera a mayonezi ndi a khofi, n'kuwatsuka. Jamu wa chaka choyamba anatuluka bwino, anagulidwa yense.

Ganizo la supu linabwera ndi wamalonda wina amene amanyamula kachewere kupita naye ku Tete ndi ku Moatize. Iye anawauza kuti kumeneko kuli anyamata ambiri ogwira ntchito amene alibe nthawi yodikira nyemba kuti zipse, ndipo angagule ndiwo zophikaphika zongotenthetsa. Linali ganizo lomveka. Nyemba ndi maungu zitakhwima, amayi anaphika supu wokoma wa nyemba, maungu osinja, anyezi, matimati pang'ono ndi mafuta ophikira, anathira m'mabotolo, natseka, n'kuwiritsa mabotolowo m'sefuliya yaikulu ya madzi. Patapita masabata ochepa, katunduyo asananyamulidwe, zivindikiro zinayamba kutukumuka. Apa m'pamene mayi wapampando anatuma mwana kudzandiitana.

Zimene ndinapeza

Mabotolo anali pa alumali m'chipinda cha nyumba yamalata, pafupi ndi denga, malo amene masana amatentha ngakhale kuno kozizira. A supu anali pamzere wawo. Ena zivindikiro zinali zitakwera pakati moti ukadina ndi chala zimabwerera m'mwamba. Botolo lina linali litachucha, madzi ofiirira ataumira m'mbali mpaka pa thabwa. Nditalipendeketsa lina poyang'ana kuwala kwa pazenera, timathovu tinkakwera pang'onopang'ono kuchokera pansi. Koma analiponso ambiri amene ankaoneka abwinobwino, chivindikiro cholowa m'kati, supu wa mtundu wake womwe uja. Amayi anali atawapatula kale amenewa kuti ndiwo opita ku Tete.

Jamu anali wa magulu awiri. Wophikidwa koyambirira kwa nyengo anali wolimba, wowala, wopanda vuto. Wophikidwa kumapeto anali wamadzimadzi pamwamba, ndipo mabotolo angapo anali ndi timadontho ta chuku, toyera ndi tobiriwira, makamaka m'mphepete momwe jamu wakhudzana ndi galasi.

Sindinayambe ndi kuphunzitsa. Ndinapempha kuti andifotokozere kaphikidwe konse kuyambira pothyola chipatso mpaka poika botolo pa alumali, aliyense anene mbali imene ankagwira. Njira imeneyi imatulutsa zambiri kuposa kufunsa kuti "munalakwitsa pati", chifukwa munthu sadziwa kuti walakwitsa pamene wachita chinthu chooneka chanzeru. Ndipo zonse zimene anasintha zinalidi zooneka zanzeru. Shuga atakwera mtengo, anachepetsa muyezo ndi theka. Mandimu atasowa, anangowasiya. Wina atapsa dzanja ndi jamu wotentha, anagwirizana zoti azidikira azizire kaye asanathire m'mabotolo. Mabotolo atachuluka kuposa jamu, anayamba kuthira mosadzaza. Ndipo kuwiritsa mabotolo a jamu akatha kutseka anakusiya, kuti nkhuni zisathe.

Pa supu sanasinthe kanthu, ndiponso sanachite ulesi. Mayi wapampando ananena mwamphamvu: "Alangizi, ife tinawiritsa maola awiri athunthu, mtolo wa nkhuni unathera pomwepo. Kachilombo kanji kangapirire moto umenewo?" Funso limeneli ndilo phata la nkhani yonse, ndipo ndikhalapo pang'ono.

Chifukwa chake madzi owira sakwanira pa supu

M'dothi la m'minda mwathu, monga m'dothi la kulikonse padziko, mumakhala kachilombo kosaoneka ndi maso kotchedwa Clostridium botulinum. Kanadziwika pambuyo pa ngozi ya mu 1895 m'mudzi wa Ellezelles ku Belgium, pamene anthu anadwala, ena n'kumwalira, atadya nyama ya nkhumba yosungidwa ndi mchere, ndipo katswiri Émile van Ermengem ndiye anakapeza. Kachilomboka zinthu zikakavuta kamadzitsekera m'chikhokho cholimba n'kukhala ngati kambewu. Timbewu timeneti ife timatidya tsiku ndi tsiku pa ndiwo zathu osatichita kanthu. Vuto limabwera tikapeza malo opanda mpweya, onyowa, ofunda ndiponso osawawasa. Pamenepo timadzuka, timaswana, n'kutulutsa poizoni amene ali m'gulu la oopsa kwambiri odziwika. Botolo la supu wa nyemba lotseka bwino lili ndi zinthu zinayi zonsezi.

Madzi owira amapha chuku, amapha tizilombo toolesa ndi tosasitsa chakudya, koma timbewu ta botulinum timatha kupirira kwa maola angapo. Amayi ndinawauza kuti zili ngati mbewu za udzu zimene lupsa limadutsa pamwamba pake, thengo n'kuoneka loyera, mvula ikagwa udzu n'kumera ndithu. Choopsa china n'chakuti kuwiritsako kumachotsa tizilombo tina timene tikananunkhitsa chakudya msanga n'kutichenjeza, komanso kumatulutsa mpweya m'botolo. Ndiye kuti maola awiri a nkhuni aja anakonzera kachilombo koopsako malo abwino.

Kuti timbewuti tife pamafunika kutentha kwa madigiri 116 mpaka 121. M'mafakitale a zakudya za m'zitini amagwiritsa ntchito madigiri 121. Madzi a m'sefuliya yotsegula sangafikepo, ngakhale mutasonkhezera moto tsiku lonse, chifukwa madzi akangoyamba kuwira kutentha kwake sikukweranso. Moto wowonjezera umangowasandutsa nthunzi.

Kuno kwathu pali chinthu chinanso chimene anthu ambiri sachiganizira. Madzi amawira pa madigiri 100 m'mphepete mwa nyanja ya mchere, monga ku Beira kapena ku Quelimane. Munthu akamakwera mtunda, mamita 300 alionse amachotsapo pafupifupi digiri imodzi. Mzinda wa Tete uli pansi m'chigwa cha Zambezi, ndiye kumeneko madzi amawira pafupi ndi 100. Ulónguè ali pamtunda wa mamita opitirira 1,200, choncho madzi athu amawira pa madigiri pafupifupi 96. Kumadera okwera a Tsangano amatsikanso. Amayi anavomereza msanga mfundo imeneyi, chifukwa amene anakhalako ku Tete amadziwa kuti nyemba kuno zimachedwa kupsa.

Nanga jamu amapulumuka bwanji m'madzi omwewo? Amatetezedwa ndi kuwawasa ndi shuga. Kuwawasa kwa chakudya kumayezedwa ndi nambala ya pH, ndipo nambala ikachepa ndiye kuti chinthucho n'chowawasa kwambiri. Malire ndi 4.6. Pansi pa 4.6 botulinum sangakule. Madzi a mandimu ali pakati pa 2 ndi 3, mapichesi achikasu ali pansi pa 4 kapena pomwepo. Nyemba zili cha m'ma 6, maungu cha m'ma 5, nyama ndi nsomba zili pamwambanso pa malire. Matimati ali pa malire penipeni, ena pansi pang'ono, ena pamwamba pang'ono. Matimati ochepa amene anathira mu supu uja sakanatha kuwawasitsa mphika wonse wa nyemba.

Agogo amene analawa

Pofunsa ngati wina anadyako supuyo, zinadziwika kuti agogo ena a m'gululi anatsegula botolo lofufuma dzulo lake, napisa chala n'kulawa kuti amve ngati wasasa. Anati anangomva kuwawasa pang'ono, nalavula. Umu ndi mmene tonse tinaleredwera, kuti chakudya umachiweruza ndi mphuno ndi lilime. Pa ndiwo zogona njira imeneyi imathandiza. Pa botolo lotseka la chakudya chosawawasa ndi yoopsa, chifukwa poizoni wa botulinum kawirikawiri alibe fungo kapena kakomedwe kachilendo, ndipo kadontho kochepa n'kokwanira kudwalitsa munthu.

Tinawaperekeza kuchipatala chaching'ono cha m'deralo tsiku lomwelo, ndipo ndinafotokozera achipatala chimene analawa. Abale awo ndinawauza zizindikiro zoti aziyang'anira usana ndi usiku: kuona zinthu ziwiriziwiri kapena mwachimbuuzi, zikope kugwa, pakamwa kuuma, kulephera kumeza, mawu kulemera, kenako kufooka kotsika kuchokera kumutu kupita kumapewa, mikono ndi pachifuwa. Matendawa sabwera ndi kutentha thupi, ndipo wodwala amakhala akuzindikira zonse, n'chifukwa chake kumudzi n'kosavuta kuwatenga ngati sitiroko kapena zamatsenga n'kuyamba kuthamangira kwina. Bungwe la zaumoyo padziko lonse la WHO limanena kuti zizindikiro zimayamba kawirikawiri pakati pa maola 12 ndi 36, koma zikhoza kufulumira mpaka maola 4 kapena kuchedwa mpaka masiku 8. Chimene chimapha ndi kufooka kwa minofu yopumira. Mankhwala othana ndi poizoniyu amagwira bwino akaperekedwa msanga, ndipo wodwala kwambiri amafunika makina omuthandiza kupuma, zinthu zimene sizipezeka pachipatala chaching'ono. Kuchokera kuno kukafika mumzinda wa Tete ndi mtunda wopitirira makilomita 200. Agogowo nthawi yoopsa inadutsa ali bwino.

Kutaya supu yense

Apa ndi pamene panali povuta. Mabotolo ofufuma palibe anawaikira kumbuyo. Mkangano unali pa aja ooneka abwino. Munali nyemba zawo, mafuta ogula, nkhuni ndi thukuta, ndipo wamalonda uja ankayembekezera. Mayi msungichuma anafunsa modekha ngati sitingalembe pa botolo kuti wogula awiritse kaye asanadye. Funsoli lili ndi maziko, chifukwa poizoniyo, mosiyana ndi timbewu take, amaonongeka chakudya chikawira bwinobwino kwa mphindi 10, ndipo pamtunda ngati kuno timawonjezera mphindi imodzi pa mamita 300 alionse. Koma ndinakana. Supuyu amagulitsidwa ngati chakudya chongotenthetsa. Mnyamata wobwera kuntchito atatopa sangawerenge mphindi, mwina angodya ndi buledi osatenthetsa n'komwe. Komanso mabotolowo akanachoka kuno kozizira n'kukakhala pa shelefu ku Tete, kumene nyengo yotentha kumafika madigiri 40. Moyo wa munthu amene simukumudziwa sungadalire kapepala komata pa botolo. Mabotolo onse anachokera mumphika umodzi ndipo anawiritsidwa mofanana, ndiye chigamulo chinali chimodzi.

Panabweranso ganizo loti supuyo apatse nkhumba ndi nkhuku. Nalonso ndinaletsa, chifukwa poizoniyu amaphanso ziweto ndi agalu. Tinavala mapepala apulasitiki m'manja. Mabotolo otseka sitinawatsegule. Ochucha ndi otsegulidwa kale tinawagoneka mosamala m'sefuliya, ndi zivindikiro zake zomwe, tinathira madzi mpaka kumiza, n'kuwiritsa mphindi 30. Kenako onse tinakawakwirira m'dzenje lakuya, kutali ndi chitsime. Thabwa la alumali ndi pansi pamene panadonthera tinathirapo jiki wosungunula, muyezo umodzi wa jiki pa miyezo isanu ya madzi, n'kusiya theka la ola tisanapukute, ndipo nsanza zake tinazikwirira limodzi.

Jamu wachuku nayenso tinataya. Chizolowezi chochotsa chuku pamwamba ndi sipuni n'kudya wapansi sindichivomereza, makamaka pa katundu wogulitsa. Mizu ya chuku imalowa pansi kuposa pamene maso akuona, mitundu ina imatulutsa poizoni wakewake, ndiponso chuku chimadya kuwawasa kwa chipatso n'kutsegulira njira tizilombo tina.

Kukonza kaphikidwe ka jamu

Nyengo ya mapichesi inali itadutsa, ndiye tinaphunzirira pa magwafa, kenako tinabwereza ndi mapichesi atapsanso. Jamu amalimba ndi zinthu zitatu zikakumana pa muyezo wake: shuga, kuwawasa, ndi pekitini, amene ndi ulimbo wachilengedwe wopezeka m'makoko, m'njere ndi m'zipatso zongoyamba kupsa. Magwafa ali ndi pekitini wambiri. Mapichesi ali naye wochepa, makamaka akapsa kwambiri. Choncho pa zipatso zinayi zilizonse, chimodzi chizikhala chosapsetsa, ndipo njere za mandimu ndi khungu lake loyera lam'kati tizimanga pa kansalu koyera n'kuponya mumphika, kuchotsa pomaliza.

Muyezo umene tinakhazikitsa ndi kilogalamu imodzi ya zipatso zosenda ndi kuchotsa njere, kilogalamu imodzi ya shuga, ndi masipuni aakulu awiri a madzi a mandimu. Jamu wakupsa amafunika kukhala ndi shuga pafupifupi magawo 65 pa 100 alionse. Shuga wochuluka chonchi amagwira madzi a m'chipatso moti tizilombo timasowa madzi okhalira ndi moyo. Kuchepetsa shuga ndi theka, monga anachitira, kumatulutsa phala la zipatso lotsekemera loyenera kudyedwa m'masiku ochepa. Ngati shuga wadula, njira ndi kuphika jamu wochepa wokwanira shuga amene alipo, mtengo wa botolo n'kuuwerengera moyenera.

Zipatso ziyambe zafewa pamoto shuga asanalowe, chifukwa shuga akalowa msanga makoko amalimba. Shuga akasungunuka, moto ukhale waukali kuti jamu awire msanga, uku mukutakasa ndi mthiko wosagwira fungo la ndiwo. Mphika usapitirire theka, ndipo musaphike wochuluka nthawi imodzi. Sefuliya yodzaza imachedwa kuuma madzi, jamu amada, pekitini n'kufooka.

Pa kudziwa kuti jamu wapsa, nkhani ya mtunda imabweranso. Malangizo ambiri olembedwa amati jamu amapsa pa madigiri 104 kapena 105. Zimenezo n'zoona kunyanja. Lamulo lenileni ndi madigiri pafupifupi 4 pamwamba pa pamene madzi a kwanuko amawira, ndiye ku Ulónguè ndi cha pa 100. Wofuna 105 kuno atulutsa jamu wouma, wakuda, womata m'mano. Popeza gululi lilibe choyezera kutentha, tinagwiritsa ntchito mbale. Mbale yadothi kapena yagalasi imakhala m'madzi ozizira a mumtsuko, mumaipukuta, mumadonthezapo jamu pang'ono, mumadikira mphindi imodzi kapena ziwiri, n'kukankha ndi chala. Akachita makwinya ndipo njira ya chala osatsekeka, wapsa. Mayi wina wachitsikana amene poyamba sankayankhula anaigwira msanga njira imeneyi, moti tsopano ndiye amaweruza mphika uliwonse.

Mabotolo tinawasanthula limodzilimodzi poyendetsa chala pamilomo yake. Lililonse lobenthuka kapena long'aluka linachoka. Zivindikiro ndizo zinali zoipa kwambiri. Mukatembenuza chivindikiro mumaona kamzere ka mphira kozungulira m'kati. Pa zambiri kamphirako kanali kataphwanyika, kena kali ndi dzimbiri, kena kakununkhabe mayonezi. Botolo lagalasi likhoza kugwira ntchito zaka zambiri, koma chivindikiro chotsekera katundu wogulitsa chizikhala chatsopano. Gululi tsopano limaitanitsa zivindikiro kudzera mwa wamalonda yemwe uja, ndipo anasankha kukhala ndi mabotolo a kukamwa kofanana kuti asavutike.

Mabotolo otsuka awire m'madzi mphindi 15 ndipo akhale otentha mpaka nthawi yothira. Jamu alowe ali wotentha, ndi chikho chokhala ndi chogwirira kuti dzanja lisapse, kusiya mpata wa pafupifupi theka la sentimita pamwamba. Milomo ya botolo ipukutidwe ndi kansalu koviika m'madzi owira, chifukwa kadontho kamodzi ka jamu pamenepo kamalepheretsa kutseka. Chivindikiro chimangidwe ndi zala, osachita kulimbitsa ndi mphamvu zonse, kuti mpweya upeze potulukira. Kenako mabotolo aimirire m'sefuliya yoyala nsalu pansi, madzi otentha apitirire zivindikiro ndi masentimita 3 mpaka 5, ndipo kuwerenga nthawi kuyambe madzi akayamba kubwadamuka. Malangizo a unduna wa zaulimi wa ku America, USDA, amene anayesedwa mosamala, amapereka mphindi 5 kumalo otsika ndi mphindi 10 pamtunda ngati wathu. Mukatulutsa, muwaike pa nsalu, pamalo opanda mphepo, osawakhudza mpaka mawa. Chivindikiro chotseka bwino chimalowa m'kati ndipo sichidinika. Botolo limene silinatseke lidyedwe pakhomo sabata yomweyo. Otsalawo alembedwe tsiku lophika, asungidwe pansi, pamdima ndi pozizira, ndipo athe chaka chisanathe.

Matimati, ndi funso la poto wa pulesha

Amayi anafunsa za matimati, chifukwa a kudimba akachuluka amatayika kuposa mapichesi. Matimati akhoza kutsekeredwa ndi madzi owira pokhapokha mutawonjezera chowawasitsa m'botolo lililonse. Pa botolo la lita imodzi, theka la sipuni yaing'ono ya asidi wa sitiriki, uja wa ufa woyera wogulitsidwa m'masitolo a zophikira, kapena masipuni aakulu anayi a viniga wolembedwa 5%. Madzi a mandimu a m'botolo la kusitolo amagwiranso, masipuni aakulu awiri. Mandimu a pamtengo amasiyana mphamvu, ena ndi ozizira, ndiye pa jamu ndi abwino koma pa matimati sindiwadalira. Matimati ophwanya othiridwa ali otentha awire mphindi 45 pa botolo la theka la lita ndi mphindi 55 pa la lita, pamtunda wa kuno. Akhale matimati okhaokha, abwino, osaola. Mukathiramo anyezi, tsabola wobiriwira, mafuta kapena usipa, mwabwerera ku vuto la supu lija.

Mayi wina anabweretsa poto wa pulesha, uja timaphikira nyemba kuti zipse msanga, n'kufunsa ngati sangathetse nkhaniyi. Anaganiza molondola kuti nthunzi yotsekeredwa imakweza kutentha kupitirira madigiri 100. Umu ndi mmenedi supu amatsekeredwa kumene amachita zimenezi pakhomo, koma ndi poto wina wamkulu wopangidwira ntchito yomweyo, wolowa mabotolo a lita osachepera anayi ataimirira, wokhala ndi geji yoonetsa mphamvu ya nthunzi kapena cholemetsa chodziwika mphamvu yake. Poto wakukhitchini ndi wamng'ono, amatentha msanga n'kuzizira msanga, pomwe nthawi zoyesedwa zimawerengera kutentha kwa pokwera ndi potsika pomwe, ndiponso alibe chokuuzani kuti m'kati mwafika pati. Ngakhale ndi poto woyenerayo, supu amafuna mphindi 60 pa theka la lita ndi 75 pa lita, mphamvu ya nthunzi osatsika ngakhale kamodzi. Ikatsika, kuwerenga kumayambiranso. Kusunga moto wofanana chonchi pa nkhuni kapena pa mbaula n'kovuta kwambiri. Maungu osinja ndiye saloledwa n'komwe kutsekera pakhomo, chifukwa phala lake ndi lolimba moti kutentha sikufika pakati pa botolo mokwanira. Malangizo anga kwa gululi ndi oti supu wa m'mabotolo asiyiretu.

Supu wouma

Msika umene wamalonda uja anauona ulipodi, ndipo sindinafune kuti amayi achoke ndi mawu oti "ayi" okhaokha. Yankho linachokera kwa agogo omwe aja. Iwo anati makolo sankasunga ndiwo m'madzi, ankafutsa. Mfutso wa nkhwani, khwanya ndi chitambe umakhala m'chikwatu mpaka chilimwe osavuta munthu, chifukwa chakudya chouma bwino tizilombo sitikulamo.

Tinatenga nzeru imeneyi n'kupanga supu wa ufa. Nyemba zimaphikidwa mpaka kupsa ndithu, zimakhetsedwa madzi, zimayanikidwa mopyapyala pa thandala loyala nsalu yoyera mpaka kuuma gwa, kenako n'kusinjidwa. Kupsa koyambako n'kofunika, chifukwa ufa wa nyemba zaziwisi umapweteka m'mimba ukangophikidwa mphindi zochepa. Matimati amadulidwa mopyapyala, anyezi chimodzimodzi, masamba amaviikidwa m'madzi owira kanthawi kochepa asanayanikidwe kuti asunge mtundu, ndipo iwo amauma bwino pamthunzi podutsa mphepo. Zonse zikauma zimasakanizidwa ndi mchere n'kutsekeredwa m'mapepala apulasitiki kapena m'mabotolo ouma. Wogula amathira m'madzi, amawiritsa, amawonjezera mafuta yekha.

Nthawi yoyanika ndi yofunika kuisamala kuno. M'miyezi ya Juni ndi Julayi kumagwa nkhungu ndi kamvula kowaza, ndipo nyemba zophika zikachedwa kuuma zimasasa pathandala pomwepo. Ntchitoyi tinaiika mu Seputembala ndi Okutobala, dzuwa likamaswa mtengo, nthawi yomwenso matimati a kudimba amachuluka. Nyemba zouma zimadikira bwinobwino m'thumba mpaka nthawi imeneyo.

Pamene zinthu zili

Jamu wa mapichesi wophikidwa ndi njira yokonzedwayi wadutsa nyengo yamvula wopanda chuku. Mabotolo ochepa amene sanatseke anadziwika m'mawa mwake n'kudyedwa pakhomo. Gululi lili ndi kope momwe amalemba tsiku, kulemera kwa zipatso, shuga, mandimu, mphindi zowiritsa ndi dzina la amene anayang'anira mphika, ndipo nambala ya mphika imalembedwanso pa botolo, kuti vuto likapezeka adziwe mabotolo oti aitanitse. Anagwirizananso kuti chinthu chatsopano chilichonse chisalowe m'botolo asanafunse ngati chili chowawasa mokwanira.

Lamulo limeneli layamba kale kugwira ntchito. Wamalonda uja akufuna kumabweretsa zipatso za kuchigwa pobwerera, kuti galimoto isamakwere yopanda kanthu. Masawu ndi malambe a ku Changara ndi madera ena otentha a m'mbali mwa Zambezi ndi owawasa, ndipo ndawavomereza kuti tiyese jamu wake nyengo yake ikafika, poyamba mphika waung'ono. Mango akupsa kwambiri ndi mapapaya kuwawasa kwake n'kochepa, ndiye ndawauza kuti asawaphike okha popanda mandimu okwanira, ndipo tidzayeza kaye ndi timapepala toyezera pH tisanatseke botolo loyamba. Supu wa ufa wapita kale ku Moatize kuti anthu akamulawe, ndipo ogula apempha timapaketi tating'ono tokwana mphika wa munthu mmodzi.